Nshawa, vitumbuwa kapena mbatata: kusankha masewera odyedwa ophunzitsira mwana kalembedwe

Kope la mdzukulu wanga wa giredi 2 linabwera kunyumba litafiira ndi cholembera cha aphunzitsi. Pa mawu khumi a lembetso anakhoza atatu okha. Ndinakhala nalo pakhonde n'kumaliwerenga mzere ndi mzere, ndipo ndinaona kuti mwanayu zilembo amazidziwa ndithu. Pofuna kulemba nkhuku analemba kuku, phala linasanduka pala, ng'ombe inabwera yopanda kachizindikiro kake ka pamwamba. Zilembo zikangounjikana ziwiri kapena zitatu kumayambiriro kwa liwu, zina zimamupulumuka.

Ndinaphunzitsa ana aang'ono zaka zambiri ndisanapume pa ntchito, ndipo ndinaona kambirimbiri kuti mwana amene pensulo yamutopetsa kusukulu, ukamupatsanso pensulo madzulo amangoyang'ana kumbali. Akaweruka amafika ndi njala, mtima wonse uli kumoto kumene kukuphikidwa. Ndiye ndinati zilembozo ndizitengere komweko. Kwa matemu atatu tsopano ndayesa njira zisanu ndi adzukulu anga awiri, pamodzi ndi ana a m'nyumba zoyandikana amene amabwera Loweruka. Njirazi sizifanana. Ina imakoma koma imasokoneza mwana, ina ndi yotchipa koma imadya nthawi, ndipo pali imodzi imene ndingauze mayi aliyense wa kuno ku Chipata kuti ayambe nayo.

Ndikudziwa zimene akuluakulu anena akamva zimenezi: chakudya sasewera nacho. Mayi anga anatilera ndi mawu amenewa, ndipo ine sindiwatsutsa. Ife amene tinaona chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, sitingauze mwana kuti azimwaza chimanga pansi. Pakhomo panga timagwiritsa ntchito chakudya chokhacho chimene mwana akanadya tsikulo ngakhale pakanapanda masewera, ndipo chonse chimathera m'mimba. Ngati nkhokwe yapepuka, zisiyeni zonsezi, tengani dongo kapena zitsekerero za mabotolo. Mwana aphunzirabe.

Yambani mwatsegula kope

Musanakazinge kapena kuphika chilichonse, onani kaye kuti mwana wanu amalakwitsa motani, chifukwa njira iliyonse ili ndi vuto lake limene imathana nalo. Pali mwana amene amatembenuza zilembo, b n'kukhala d. Pali amene amameza zilembo, ngati mdzukulu wanga uja. Palinso amene amalemba mmene timalankhulira kunyumba: manzi m'malo mwa madzi, vinthu m'malo mwa zinthu, mutengo m'malo mwa mtengo. Wachitatuyu ine sindimuwerengera kuti walephera, khutu lake likumva bwinobwino. Kungoti Chinyanja cha m'buku chinatsamira ku Chichewa, pamene mwana wa ku Petauke wakulira m'Chinsenga, wa ku Lundazi m'Chitumbuka, wa ku Mambwe m'Chikunda, ndipo wa m'tauni muno amasakaniza zonsezi. Masipelo a Chingerezi ndi nkhani ina, tiifika.

Pali chinanso chimene makolo ambiri kuno amasokoneza nacho ana awo mosadziwa. Kalembedwe kamene Unduna wa Maphunziro wa Zambia udavomereza mu 1977 kamalemba c yekha pamene anzathu a ku Malawi amalemba ch. Buku la kusukulu limati cimanga, cakudya, Cinyanja. H amabwera pambuyo pa c pokhapokha pamene pakutuluka mpweya, monga pa nchito, liwu limene ku Malawi amalemba ntchito. Ife tili pafupi ndi malire a Mwami, timawerenga zolembedwa kutsidyako tsiku ndi tsiku, ndipo ngakhale dzina la mzinda wathu limayamba ndi Ch. Inenso pano ndikulemba ndi ch chifukwa ndi mmene ambiri tazolowerera pa foni. Koma mukakhala pansi ndi mwana, tsatirani zimene zili m'buku lake ndi zimene aphunzitsi ake akuchonga. Mukapanda kutero, mudzamuphunzitsa mwakhama chinthu chimene mawa lake achidule ndi cholembera chofiira.

Kuyambira 2014, m'makalasi oyambirira tinkayamba ndi a e i o u, kenako chilembo chimodzichimodzi, n'kumaphatikiza: ma me mi mo mu. Silabasi yatsopano imene idayamba mu 2025 yakokera Chingerezi kutsogolo, koma Chinyanja sichinasinthe mayendedwe ake. Chimayenda ndi maphatikizo. Mwana amene amamva kuti nkhuku ndi nkhu ndi ku, wagwira kale theka la kalembedwe. Ichi ndiye chikho chimene ndayezera njira zonse zisanu.

Nshawa pa lichero

Aliyense amayamba kuganizira nshawa, ndipo m'pomveka, Kum'mawa kuno nshawa sizisowa. Zikakumbidwa cha mu Epulo ndi Meyi zimayanikidwa pakhomo lililonse, ndipo ku msika wa Kapata uzipeza chaka chonse. Mwana amandanda nshawa pa lichero mpaka zitapanga chilembo. Nzeru yaing'ono imene ndinaiphunzira nditatola nshawa pansi kangapo ndi iyi: zikazingeni, muzifikise m'manja, muzigawe pakati. Mbali yosalala ija imakhala bata, sigubuduka. Nshawa za mtundu wa Chalimbana, popeza ndi zikuluzikulu, zimagwirika bwino ndi tizala ta mwana.

Kwa mwana wa giredi 1 amene akuphunzira kuti chilembo chimayambira pati ndipo chimakhotera kuti, njirayi ndi yabwino. Koma pa kalembedwe ka mawu athunthu ndi yochedwa kwambiri. Mdzukulu wanga anayamba kundanda liwu loti nkhuku madzi a nsima akuikidwa pamoto, ndipo nsima inapsa iye ali pa chilembo chachinayi. Maganizo ake onse anali pa kuwongola mizere, ndipo anali ataiwala kale kuti akulemba liwu lanji.

Nshawa zimagwira ntchito yeniyeni zikakhala zowerengera. Mumatchula liwu, mwana amawomba m'manja pa phatikizo lililonse, n'kuika nshawa yathunthu imodzi pa kuwomba kulikonse. Nkhuku, nshawa ziwiri. Kenako pansi pa nshawa iliyonse amaika timatheka, kamodzi pa chilembo chilichonse chimene akuganiza kuti chilimo. Pansi pa nkhu payenera kukhala tinayi. Akaika tiwiri, inu musakonze msanga. Muuzeni atseke mphuno ndi zala ayese kutchula, amva yekha kuti kumayambiriro kuli kanthu kodutsa m'mphuno. Kenako aike dzanja patsogolo pa kamwa atchule ku ndi khu, amva mpweya ukumenya chikhato. N uja ndi h uja wawapeza yekha.

Katheka ka nshawa ndi kabwinonso poimira kachizindikiro ka ng'. Ana a kuno amachigwira msanga ukawapatsa mawu awiri awa: ngoma imene amavina Angoni ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala, ndi ng'oma imene amaimba ku gule. Zilembo n'zofanana zonse, kusiyana kwake ndi kanshawa kamodzi pamwamba. Akakadya, ng'oma yasanduka ngoma.

Pa nshawa pali zofunika kusamala, ndipo sindizinena mongodutsa. Mwana wosakwana zaka zisanu asapatsidwe nshawa zathunthu kapena chimanga chokazinga, zimatsamwitsa, ndipo ena amaziika m'mphuno. Ngati pali kamng'ono kokwawa pafupi, lichero likhale pamwamba. Nshawa zonyala, zakuda mkati kapena zowawa zitayeni, chifukwa chuku chimene chimagwira nshawa zosauma bwino chimasiya poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo satha ndi kukazinga. Ngati mwana amatupa milomo kapena kutuluka zidzolo akadya nshawa, njirayi si yake, ngakhale pang'ono. Nyemba zosaphika musazilowetse m'masewerawa ngakhale zimaoneka bwino pa lichero, sizidyedwa zaziwisi.

Chala pa mbale

Njira yachiwiri ndi kuwaza nsinjiro za nshawa zokazinga pa mbale yafulati, kapena kupakapo chiponde pang'ono, mwana n'kumalemba ndi chala. Akalakwitsa amangogwedeza mbale, cholakwa chafufutika. Kwa mwana amene cholembera chofiira chamuchititsa mantha, ichi ndi chinthu chachikulu, chifukwa amayesa kakhumi popanda chizindikiro chotsalira chomuchititsa manyazi. Imathandizanso amene amatembenuza b ndi d, popeza dzanja limazolowera njira: pa b tsika kaye ndi ndodo kenako mimba, pa d yamba ndi mimba kenako ndodo.

Kupitirira apo ilibe zambiri. Mawu aatali sakwana pa mbale, ndipo kunena zoona mchenga wa pabwalo umachita zomwezo kwaulere. Chala chimapitanso kukamwa kawirikawiri. Tikukumbuka kuti kolera idachedwetsa kutsegula sukulu m'dziko lonse mpaka pa 12 Febuluwale mu 2024. Choncho sopo ndi madzi zikhale poyamba, ndipo mwana aliyense akhale ndi mbale yakeyake.

Zilembo zoumba ndi fulawa

Iyi ndiyo imene ana amaikonda kuposa zonse, ndipo ndi imene inandiphunzitsa kusamala. Mumakanda fulawa molimbirako kuposa ya vitumbuwa, ngati ya mandasi, mwana n'kumakulungiza timizere pa thebulo ndi kuumba zilembo, monga mmene anyamata amaumbira ng'ombe zadongo kudambo. Kenako wamkulu amakazinga mu saladi, mafuta ophikira aja, kapena kuphika mu poto wokhala ndi makala pansi ndi pamwamba pa chivundikiro. Uvuni wa magetsi sindiuwerengera, mukudziwa mmene magetsi anavutira mu 2024 madzi atachepa ku damu la Kariba.

Tsiku loyamba tinaumba liwu loti dengu. Mdzukulu wanga uja, mtsikana wa giredi 2, analiumba bwino, ine n'kumuyamikira. Nditakazinga, zilembo zinafufuma. Kabowo ka e kanatsekeka, g anakhala ngati chibumi. Nditazitsanulira m'mbale, iye anatola d n'kumuika chotembenuza, ndipo anawerenga mokweza kuti bengu. Ndinamuuza kuti ayi, ameneyo ndi d. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ambuya, nanga si ndi yemweyu? Onani." Anamutembenuza, akhala b. Anamuzondotsa, akhala p. Mwanayo sananame. Chilembo choumba chilibe kutsogolo kapena kumbuyo, n ukamuzondotsa ndi u, m ukamuzondotsa amafanana ndi w. Kwa mwana amene kale amatembenuza zilembo, ndinali nditamuwonjezera chisokonezo ndi manja anga.

Ili ndi mankhwala ake. Umbani zilembo zopyapyala ndi mabowo aakulu, musaike zofufumitsa zambiri, ndipo musanakazinge bayani timadontho ndi foloko mbali ya pamwamba kuti mwana adziwe nkhope ya chilembo. Pa thireyi ikani kamtengo koyera kukhala mzere, zilembo zonse ziziimirira pamenepo. Mukatero njirayi imakhala yothandiza, makamaka pa dzina la mwana ndi pa mawu ochepa amene akumukanika mobwerezabwereza, chifukwa chilembo chimene wachiumba yekha sachiiwala msanga.

Koma werengerani mtengo. Fulawa, shuga, saladi ndi makala zonse n'zogula, pamene nshawa ndi mbatata ambiri timakolola kapena kulandira kuchokera kumudzi. Imafunanso masana onse, ndipo pali mafuta otentha, choncho mwana asayandikire mbaula, ndiponso asamadye fulawa yaiwisi. Ine ndimaichita kamodzi pa mwezi, kapena pa tchuthi. Mayi amene amakazinga kale vitumbuwa vya malonda m'mawa, kwa iye n'zosavuta, angopatula kachibumi kamodzi n'kukalimbitsa ndi fulawa.

Mbatata, imene ine ndimaisankha

Tengani mbatata zazitali zowongoka, muzitsuke, muzidule mozungulira, kukhuthala kwake ngati chala. Ziwiritseni mpaka kamtengo kazilowa koma zisanafewetse, chifukwa zikapsa kwambiri zimanyenyeka polemba. Ziyanikeni pa lichero zizizire. Kenako mwana amatenga kamtengo kotokosera m'mano, kapena kamtengo ka machesi kodula mutu, n'kumalemba pa chidutswa chilichonse. Mukafuna kuti zilembo zioneke bwino, fikisirani nsinjiro pang'ono m'mizeremo. Mbatata zofiira mkati ndi zabwino koposa, mizere imaoneka, ndiponso zili ndi vitamini A.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti chidutswa chimodzi chimanyamula phatikizo lathunthu. Nshawa zimapanga mizere, fulawa imapanga chilembo chimodzichimodzi, koma mbatata imayenda mmene Chinyanja chimayendera. Lembani zidutswa zinayi zokha: ka, la, ta, ma. Mwana apeza kalata, apeza malata, apeza makala, apeza kama, ndipo akaziika zonse zinayi apeza makalata. Sanaumbe kanthu kwa ola lathunthu, wangosuntha zidutswa, ndipo maganizo ake onse ali pa dongosolo la maphatikizo, pamene pagona kalembedwe. Chikopa cha mbatata chimathandizanso: ndimadula kamphako kakang'ono m'mphepete mwa pansi, kuti mwana adziwe mbali yoyang'ana kwa iye, ndipo vuto la kuzondotsa lija silibwera.

Masewera amene anachiza kope la mdzukulu wanga timawatcha kudya h. Pamenepa timadula tidutswa ting'onoting'ono ta chilembo chimodzichimodzi. Ndimamuuza alembe khasu. Amaika k, h, a, kenako su. Ndimamufunsa kuti akakhala ambiri timati chiyani. Amati makasu. Ndimamupatsa chidutswa cha ma aike kutsogolo, kenako aike dzanja pakamwa atchule khasu, atchulenso makasu. Poyamba mpweya ulipo, kachiwiri wasowa. Ndiye h uja alibenso ntchito, amudye. Timapitiriza: phiri ndi mapiri, thumba ndi matumba, khutu ndi makutu, thupi ndi matupi, khomo ndi makomo, khola ndi makola. Pofika pa liwu lachisanu mwanayo anali akudikira yekha ndi dzanja pakamwa, kufuna kumva ngati pali h woti adye. Ndipo kuti amudye, ayenera kuyamba wamuika. Mwana amene ankasiya h paliponse anayamba kumufunafuna.

Tsiku lina anafulumira. Ndinamupatsa phunziro, anaika ma kutsogolo n'kutola h kupita naye kukamwa. Ndinamugwira dzanja kuti atchule kaye. Anatchula maphunziro, mpweya unamenya chikhato, ndipo anamubweza h pamalo pake mwakachetechete. Pali mawu otere, monga khalidwe ndi makhalidwe, amene h sachoka. Sindinamupatse lamulo loti aloweze. Dzanja pakamwa ndi limene limaweruza, ndipo dzanjalo amapita nalo m'kalasi.

Mawu ofanana osiyana ndi h yekha amagwiranso ntchito: pala ndi phala, kola ndi khola. Ndimanena chiganizo, monga chakuti mbuzi zalowa m'khola, iye n'kusankha ngati h alowe kapena akhale pambali.

Mbatata yathandizanso pa m ndi n wa kumayambiriro. Ana ambiri amalemba nbuzi. Timaika tidutswa tiwiri, m ndi n, ndipo mwana amayang'ana pakamwa panga. Milomo ikakumana, kapena mlomo ukakhudza mano, ndi m: mbuzi, mphika, mfumu, mvula. Milomo ikakhala yotseguka, ndi n: ndowa, nthochi, nkhuku, njinga, nsima. Ndiye pali mawu ngati mtengo, mkaka ndi msika, amene amaoneka ngati aphwanya lamuloli. Apa m'pamene chilankhulo cha kunyumba chimasanduka mthandizi. Mwana amene amati mutengo ndimamulola alembe mu, te, ngo monga amanenera, koma mu uja tamulemba pa tidutswa tiwiri. Kenako ndimamuuza kuti buku limafulumira, limameza u. Amadya u, patsala mtengo. Sindinamuuze kuti amayi ake amalankhula molakwa, ndipo waona yekha kumene m ameneyu wachokera. Adziwenso kuti pa munthu, mudzi, mutu ndi munda u sadyedwa.

Kuipa kwa mbatata n'kwakuti ili ndi nyengo. Kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti ndi yambiri ndi yotchipa, ndipo imagwirizana bwino ndi temu yachiwiri. Ikadutsa nyengoyo imadula. Pamenepo timasinthira ku chinangwa chophika, chosawawa, chifukwa chowawa chija chimafuna kuviika ndi kukonza mwapadera. Dzungu limagwira ntchito m'miyezi ya masika ngakhale ndi lofewa, ndipo mango ongoyamba kupsa, amene amachuluka chakumapeto kwa chaka, amalembeka bwino kwambiri. Zidutswa zophika sizigona, zidyedwe tsiku lomwelo.

Nthochi ili ndi kachinsinsi kake kamene ndingakonde mayi aliyense akadziwe. Mukalemba pa khungu lake ndi kamtengo, poyamba sipaoneka kanthu, koma pakapita nthawi mizere ija imada. Ndimalemba liwu limodzi m'mawa, lija limene linamukanika dzulo, n'kuika nthochiyo m'chikwama. Pa nthawi yopuma kusukulu amapeza liwu latulukira. Chakudyacho sichikhudzidwa ndi zala popeza chili mkati, ndipo sindinawonjezere ndalama iliyonse. Si masewera athunthu, koma pokumbutsa ilibe inzake.

Zogula m'sitolo

Pali timakaroni todulidwa ngati zilembo, ndi mabisiketi kapena maswiti olembedwa zilembo. Kwathu tinatiyesa mwana wanga atabwera nato kuchokera ku Lusaka. Pa Chinyanja sitinapite nato patali. Paketi imabwera ndi zilembo za Chingerezi zosakanizika, pamene ife timafuna a wambirimbiri. Liwu loti makalata lokha likufuna a anayi. Mwana amathera nthawi kufufuza a, pambali patatsala mulu wa Q ndi X amene m'Chinyanja tilibe nawo ntchito. Kachizindikiro ka ng' mulibe. Timene tinali nato tinali ta zilembo zazikulu zokhazokha, pamene m'kope mwana amalemba zazing'ono. Timakaroni tosaphika sitidyedwa, ndipo tikaphikidwa timaterera ndi kuduka. Maswiti ndi mabisiketi ndiye nkhani ya mano, shuga wa tsiku lililonse madzulo sindingamulimbikitse.

Pamene zimathandiza ndi pa Chingerezi, kwa mwana wokulirapo. Chingerezi sichilembedwa mmene chimamvekera, ndipo mwana amene wazolowera kuti chilembo chilichonse chimatchulidwa amadabwa ndi mawu ngati knife, write kapena lamb. Mkulu wake wa mtsikanayu, wa giredi 5, amandanda liwu lonse, amalitchula, kenako amatola chilembo chimene sichinamveke n'kuchidya. Koma ngakhale izi timazichita pa mbatata, ndipo zimayenda chimodzimodzi. Ngati wina wakubweretserani paketi, igwiritseni ntchito. Kukwera basi kukaifuna, ayi.

Amadya ndani, ndipo liti

Njira iliyonse imene mungasankhe ingawonongeke ndi chinthu chimodzi, ndipo ine ndinachichita. Poyamba ndinaika lamulo loti wokhoza ndiye amadya liwu lake. Loweruka lina panali ana anayi pa mkeka. Mnyamata wina wa nyumba yoyandikana, wofatsa, analakwitsa katatu motsatizana, anzake akutafuna. Sanalire. Anangopinda manja n'kunena kuti, "Ambuya, ine sindili ndi njala." Ndinadziwa kuti ali nayo, chifukwa amayi ake anali asanabwere kumsika kuchokera m'mawa. Loweruka lotsatira sanabwere. Ndinapita ndekha kukamutenga, ndipo kuyambira tsikulo lamulolo linatha.

Tsopano timachita chonchi. Mwana amene wafika ndi njala amayamba wadya kanthu. Liwu lolakwika silichotsedwa, timalikonza pamodzi mpaka likhale bwino, ndipo mwini wake ndiye amalidya. Mbale ikatha, aliyense wadya mofanana. Mwana wochedwa kugwira ndi amene akufunika masewerawa kuposa onse, ndipo chakudya chikasanduka mphotho iye ndi amene amayamba kuthawa.

Lamulo lina limene sindilisintha n'lakuti liwu lisanalowe m'kamwa, lilowe kaye m'kope. Mwana akalindanda bwino, amaliyang'ana, ndimaliphimba ndi mbale, amalilemba ndi pensulo, kenako timavundukula kuti ayerekeze yekha. Popanda zimenezi mumakhala ndi mwana wodziwa kusuntha mbatata amene lembetso likumukanikabe, popeza m'kalasi adzakumana ndi pepala. Mawu asanu pa tsiku ndi okwanira, ndipo atengedwe m'zimene aphunzira sabata imeneyo. Pensulo imene ankaikana ija amaitola yekha, chifukwa akudziwa chimene chikubwera pambuyo pake.

Kwa aphunzitsi anzanga amene mukadali pa ntchito, sindikukuuzani kuti mutengere mbatata m'kalasi. Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022 makalasi adzaza, ndipo simungathe kuyang'anira manja a ana onsewo kapena kugawa chakudya mofanana. M'kalasi timakadi ta makatoni ndi zitsekerero za mabotolo zimachita ntchito yomweyi, h n'kumaikidwa m'thumba m'malo modyedwa. Koma pa msonkhano wa makolo, auzeni za dzanja pakamwa ndi za khasu ndi makasu. Ngakhale kholo limene silinapite patali ndi sukulu lingathe kutchula mawu n'kumufunsa mwana kuti akakhala ambiri timati chiyani.

Kwathu mbatata yatha tsopano, tili pa chinangwa, tikudikira mango. H uja sakusowanso m'kope, ndiye tasamukira ku ts ndi dz, amenenso amamezedwa. Tsamba ndi masamba, t amadyedwa. Tsiku ndi masiku, chimodzimodzi. Dzira ndi mazira, amadya d. Dzulo ndinamupatsa dzenje. Anaika ma kutsogolo, anadya d, n'kuwerenga mazenje. Anakwinya nkhope, anatchulanso pang'onopang'ono mmene timanenera, maenje, kenako anayang'ana z amene anatsala paja.

"Ambuya, uyunso?"

Ndinamuuza kuti alembe kaye m'kope.